Ukufuna kudyera manja ako? Umu ndi momwe ungakhalire wa masaji wa mapepala kuno ku Mangochi

Tonse tinathowedwapo ndi agogo, kansalu konyika m'madzi otentha n'kudinikiza pabondo mpaka kufuula. Koma masaji a m'malo ogona alendo, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, ndi nkhani ina, manejala safunsa kuti manja ako ndi amphamvu bwanji, amayamba wafunsa pepala.

Choyamba dziwa chomwe ukufuna. Ngati mtima wako uli pothandiza odwala, a sitiroko kapena ovulala pangozi, imeneyo ndi physiotherapy, digiri yake ili ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ku Blantyre ndipo ukamaliza umalembetsa ku Medical Council of Malawi. Wa masaji a ku spa, malo opumulitsirako ndi kusamalira thupi, sachiza matenda, osamadzitcha dokotala chonde.

Ukasankha za spa, saka sukulu, nthawi zambiri masaji amaphunzitsidwa limodzi ndi beauty therapy, maphunziro a zosamalira khungu, nkhope ndi zikhadabo. Usanapereke fizi funsa ngati sukuluyo ndi yolembetsedwa ku TEVETA, ndipo uone umboni ndi maso ako, chifukwa satifiketi yosindikiza pa kompyuta ya pa kona aliyense angakupatse. Funsanso ngati amaphunzitsa za thupi la munthu, minofu, mafupa, kayendedwe ka magazi, osangoti kupaka mafuta basi. Apa ndi pomwe pagona ntchito yonse: munthu watentha thupi ndi malungo sumugwira, wa chilonda kapena mwendo wotupa mbali imodzi wopweteka umamuuza apite kuchipatala kaye poti mwina magazi aundana m'mitsempha, mayi woyembekezera naye ali ndi kagwiridwe kake. Masaji a Swedish (ofewerapo, opumulitsa thupi) ndi deep tissue (odinikiza minofu ya mkati) ndi zomwe alendo amatchula kwambiri, uzidziwe bwino zimenezo. Kosi ya first aid ya Red Cross ikapezeka usaisiye.

Kenako atachimenti. Pita wekha ku maloji, CV m'manja, ngakhale akuyambitse kuchapa matawulo vomera. Dula zikhadabo, vula mphete, ndipo phunzira kukankha ndi thupi lonse osati zala zokha, apo ayi pofika chaka chala chachikulu chatha ntchito.

Ukafuna kudziimira pawekha lembetsa dzina la bizinesi kwa Registrar General, tenga nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA, laisensi ya bizinesi ukatenge ku khonsolo. Bedi lopinda, matawulo oyera ambiri, mafuta osanunkhira kwambiri, wayamba.

Nanga ndalama? Ndinene zoona, ntchitoyi imayenda ndi nyengo. Miyezi yopanda mvula alendo akunja amachuluka, Disembala kumadzaza a ku Blantyre ndi Lilongwe, koma Febuluwale mvula ili pakati ukhoza kutha sabata osagwira msana wa munthu. Nchifukwa chake ochenjera amaphunziranso za zikhadabo ndi nkhope. Atsikana muli ndi mwayi wina, amayi ambiri kuno salola kugwiridwa ndi mwamuna. Amene maso ali ku Joni, dipuloma za ITEC kapena CIDESCO, mabungwe akunja oyesa mayeso a ntchitoyi, zimadziwika m'maiko ambiri, koma masaji othandiza odwala (therapeutic massage) ku South Africa amafuna kulembetsa ku AHPCSA, bungwe loyang'anira ntchito ngati imeneyi kumeneko.

China, anthu ena akamva masaji maganizo amathamangira kwina. Vala yunifolomu, kasitomala umufunde tawulo n'kumavundukula pokhapo pomwe ukugwira, akayamba zachibwana siya pomwepo ukauze manejala. Ndipo akakuitanira kuchipinda usiku usanyamuke wekha osauza munthu.