Mmene mungasamalire mabakiteriya a m'mimba mwa njuchi zanu

Ndili ndi ming'oma isanu ndi itatu kuseri kwa dimba langa kuno ku Domwe, m'boma la Angónia. Chaka chatha ndinapeza mnansi wanga akutsegula makapisozi a tetracycline, mankhwala opha mabakiteriya, n'kumathira ufa wachikasu uja m'madzi a shuga oti njuchi zimwe. Akuti zilimbe. Ndinamugwira dzanja, ndinati: "Achimwene, tayambani mwaima."

M'matumbo mwa njuchi mumakhala mabakiteriya othandiza, ndipo magulu ake akuluakulu ndi asanu okha. Ena, otchedwa Gilliamella apicola, ali ndi majini (tizinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa) owathandiza kuswa chikhungu cha mungu kuti chakudya chigayike. Ena, Snodgrassella alvi, amayala kukhoma kwa thumbo n'kumatchinga tizilombo ta matenda. Kapisozi sasankha, amasesa onse. Choncho musathire mankhwala a anthu kapena a nkhuku mumng'oma. Ku America alimi anayamba kupatsa njuchi mankhwala a mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 2012 akatswiri anapeza majini asanu ndi atatu okana mankhwalawo m'mabakiteriya a njuchi zakumeneko. Mu 2017 gulu la katswiri wa sayansi Nancy Moran ku Texas linaonanso kuti njuchi zomwetsedwa tetracycline zinkafa msanga kuposa zinzake.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi ichi: kanjuchi kamatuluka m'chisa m'mimba muli pafupifupi mbee. Mabakiteriya kamawatenga m'masiku ake oyambirira kwa akuluakulu ake, pokhudzana nawo ndiponso poyenda pazisa zomwe iwo apondapo. Ndiye mukamagawa mng'oma, musanyamule zisa za ana zokha. Tengani ndi njuchi zolera zomwe zaunjikana pamenepo, osazikutumula. Pofula uchi, siyani zisa za mungu, ndi chakudya cha njuchi ndi mabakiteriya omwe. Utsi ukhale wochepa, moto wa udzu usalowe mkati.

Za kupopera: mu 2018 gulu lomwe lija linapeza kuti glyphosate, mankhwala opha udzu, amachepetsa Snodgrassella. Kwathu kuno chisoso chimachita maluwa m'mphepete mwa minda ya mbatatesi ndi chimanga, ndipo njuchi zimapitako. Ine mbali yoyandikana ndi ming'oma ndimapalira ndi khasu. Ngati kupopera sikungalephereke, poperani udzu usanachite maluwa, madzulo njuchi zitalowa, ndipo pampu musakatsukire pachitsime pomwe zimamwa madzi.