Momwe mungadziwire kuti gasiketi ya hedi yapsa, ndi kuisintha nokha pakhomo

Corolla yanga ya injini ya 5A-FE inawira ndikukwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti, ine n'kuikakamizabe mpaka pamwamba singano ili pofiira. Patatha sabata madzi anayamba kutha mu rediyeta, koma pansi osaoneka ngakhale dontho.

Musanamasule kanthu, tsimikizani kaye kuti chapsa ndi gasiketi ya hedi, imene imatseka pakati pa hedi (chivindikiro cha pamwamba pa masilinda) ndi buloko (thunthu la injini). Injini itazizira, tsegulani chivindikiro cha rediyeta, dzazani madzi n'kuliza injini. Thovu likamabwera mosalekeza, ndiye kuti mpweya wa mu silinda ukudutsa pa gasiketi. Mutatseka chivindikirocho, gwiraninso paipi yapamwamba ya rediyeta, ikauma gwa injini isanatenthe n'chizindikiro chomwecho. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndi utsi woyera wosatha ku ekizozi n'zizindikiro zina zodziwika kale. Ine chinanditsimikizira ndi mapulagi: atatu anali ndi mwaye wa masiku onse, imodzi inali mbee ngati yotsukidwa, chifukwa nthunzi imaitsuka m'katimo. Ngati pali wokubwerekani geji ya compression (yoyeza mphamvu ya mpweya m'masilinda), masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, nkhani yatha.

Chotsani batire, khuthulani madzi ndi oyilo, masulani mawaya, mapaipi ndi ma manifold onse awiri (wolowetsa mpweya ndi wotulutsa utsi). Jambulani pa foni chilichonse musanachizule. Zungulizani injini mpaka chizindikiro cha pa pule chifike pa 0, silinda yoyamba ili pamwamba, kenako vulani lamba wa taiming'i. Pa injini imeneyi ma camshaft (mashafuti otsegula mavalavu) amayenera kuchoka kuti mufikire mabawuti a hedi, ndipo musanatukule camshaft ya mbali yolowera mpweya, mangani kabawuti ka 6 mm pa giya yake yapawiri ija kuti sipuling'i isafwamphuke. Mabawuti a hedi alipo 10, amafuna soketi ya 10 mm ya makona 12. Amasuleni pang'onopang'ono kuyambira kunja kulowa pakati, ndipo abayeni pa katoni motsata malo ake poti ena ndi aatali, ena aafupi.

Apa ndi pamene ndinagwa nayo ulendo woyamba. Hedi nditaitsitsa ndinaipala bwinobwino, kuiyang'ana ndi maso inali yosalala ngati galasi, ndiye ndinangoika gasiketi yatsopano n'kumanga. Sipanathe mwezi, thovu lija linabweranso. Hediyi ndi ya aluminiyamu, ikatenthedwa kwambiri imapindika, koma kupindika kwake diso silingakuone. Malire ake ndi 0.05 mm basi, pafupifupi kuonda kwa tsitsi limodzi. Ulendo wachiwiri ndinagoneka chitsulo chowongoka pa hedi, m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, n'kumalowetsa feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata) pansi pake. Pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu kachitsulo ka 0.10 mm kanangolowa kosakhudza paliponse. Mtima unandiwawa, poganiza za Loweruka lathunthu limene ndinagwada pa dothi lija pamodzi ndi gasiketi imene ndinataya.

Choncho hedi yopindika pitani nayo kwa a makina akaisikime (kuipala ndi makina kuti iwongoke), ndipo muwapemphe aiyese ndi mphamvu ya madzi kuti muone ngati ilibe mng'alu. Yesaninso pamwamba pa buloko. Wina akakuuzani kuti angoipukuta ndi sandipepa pa simenti, kanani. Chimodzimodzi za kupaka silikoni pa gasiketi kapena kuthira mankhwala otsekera mu rediyeta, amakatseka timipata ta rediyetayo vuto n'kukula.

Za gasiketi yeniyeniyo, chigwereni kwacha mu November 2023 mitengo ya sipeya sikhazikika, ndiye funsani m'mashopu atatu kapena anayi. Ine wogulitsa wina anandipatsa ya theka la mtengo mu pepala lolembedwa Toyota, koma nditaigoneka pa yakale timabowo tiwiri ta madzi sitinkagwirizana. Tengani yakale popita kogula, muzifananitse pa kauntala pomwepo ndalama isanatuluke m'thumba.

Pomanga, pukutani mabowo a mabawuti aume, chifukwa oyilo kapena madzi otsalira m'menemo amanamiza torque wrench (sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti) ndipo angathe kung'ambitsa buloko. Gonekani gasiketi moyenera, khazikani hedi, pakani oyilo pang'ono pa mazinga a mabawuti. Mangani kuyambira pakati kupita kunja mpaka 29 Nm, kenako bawuti iliyonse muikhotetse madigiri 90, mukamaliza onse mubwerezenso 90 ina. Dontho la penti pamutu pa bawuti limathandiza kuti musasokoneze. Injini zina zili ndi manambala akeake, onani m'buku lake.

Zotsalazo ndi kubwezera mmene munachotsera. Musaiwale kuchotsa kabawuti ka pa giya kaja. Lamba akakhala, zungulizani injini kawiri ndi dzanja muone ngati zizindikiro zabwerera pamalo. Oyilo ndi fyuluta zatsopano, coolant osati madzi a pa mjigo, tulutsani mpweya. Fufuzaninso chimene chinawiritsa injiniyo poyamba. Kwa ine inali fani imene inasiya kuzungulira chifukwa cha waya wothothoka.