Mphaka woyamwitsa angalere tiana tamasiye

Mukatola tiana ta mphaka topanda mayi, funani mphaka amene akuyamwitsa. Ambiri amalandira ana a mnzawo, makamaka akakhala a msinkhu umodzi ndi ake. Koma chonde musangotiunjika pamenepo. Yambani mwatifunditsa, poti kamwana kozizidwa sikayamwa. Kenako tipukuteni ndi kansalu kamene mayiyo amagonapo kuti titenge fungo lake, muikepo kamwana kamodzi kaye, inu muli pompo. Akayamba kukanyambita, zatheka. Akalusa, kachotseni mudzayesenso nthawi ina.

Dokotala wa ziweto awayeze kaye onse, chifukwa matenda ngati FeLV (kachirombo koyambitsa khansa ya m'magazi mwa amphaka) amafala kudzera mu mkaka. Pimani tianato tsiku lililonse. Kathanzi kamawonjezera magalamu 10 mpaka 15 patsiku. Kotsalira kamwetseni mkaka wopangira tiana ta mphaka, osati wa ng'ombe, umatsegula m'mimba. Mayiyo muwonjezereni chakudya ndi madzi.