Chitseko chanu mu Second Life sichikumva mukachigunda? Yambirani apa

Tinene kuti mukumanga msasa wa anthu othawa madzi mu Second Life, dziko loyerekezera la pa intaneti, wonga umene timauona ku Bangula Shire akasefukira. Mwaika script (kapulogalamu kouza chinthu zochita) pachitseko kuti munthu akachigunda chitseguke, koma avatar yanu (kamunthu koimira inu m'dzikomo) ikugunda, chitseko chili duu. Musathamangire kulemba script ina. Nthawi zambiri LSL yanu (chinenero cholembera ma script a Second Life) ilibe mlandu, vuto limakhala pa chinthu mwamangacho.

Choyamba, dziwani ngati script ikumva n'komwe. Mkati mwa collision_start, gawo la script limene limagwira chinthu chikangogundidwa, lembani llOwnerSay(llDetectedName(0)). Kenako kagundeni chitsekocho. Dzina lanu likaoneka, ndiye kuti kugunda kukumveka, cholakwika chili m'mizere yotsegulira chitseko. Likapanda kuoneka, onani ngati bokosi la Running lachongedwa, komanso ngati mwini malo analola ma script mu About Land.

Kenako pitani ku Edit, tsegulani Object, muone Phantom. Chinthu cha Phantom anthu amangochidutsa ndipo script siimva kanthu. Ngati mukufunadi kuti azidutsa koma chiziwazindikira, chotsani Phantom, mulembe llVolumeDetect(TRUE) mu state_entry (gawo loyamba kugwira mu script) ya root prim, chidutswa chachikulu cha zidutswa zolumikizidwa. Apo collision_start ndi collision_end zimagwira, koma collision yokha ayi. Pa chinthu chovala avatar njirayi siigwira.

Pamene ambiri amataya tsiku lonse ndi pa Features, pa Physics Shape Type. Zimene maso anu akuona si zimene thupi la avatar likugunda. Convex Hull imakuta chinthu chonse ngati mtolo womangidwa ndi chitenje, moti khomo limaoneka lotseguka koma simungalowe, ndipo chitseko simuchikhudza n'komwe. Nyumba yokhala ndi khomo muiike pa Prim. Ikakhala ya mesh (yopangidwira mu pulogalamu ina), Prim imapezeka pokhapokha ngati physics yake inakonzedwa poilowetsa mu Second Life, choncho pena pamafunika kuilowetsanso. Chitseko chikakhala pa None, munthu amachidutsa. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuyamba mwaona pamenepa musanakhudze mzere uliwonse wa script.

Dziwaninso kuti zinthu ziwiri zonse zosachongedwa Physical mu Object sizigundana. Bwato lanu mukamaliyendetsa ndi llSetPos kupita padooko, dooko silidziwa kuti lafika. Chimodzi chikhale Physical, apo ayi wogunda akhale avatar.

Mukalumikiza zidutswa zambiri, script ya mu root prim imalandiranso kugunda kwa khoma ndi pansi pomwe. llDetectedLinkNumber(0) ikuuzani chidutswa chimene chagundidwa. Ngati munaikapo llCollisionFilter, yosefa zimene script izimva zikagunda, n'kuiwala, ichotseni polemba llCollisionFilter("", NULL_KEY, TRUE).

Kugunda kumawerengedwa pa seva za Linden Lab, kampani yoyendetsa Second Life, osati pa laputopu yanu. Netiweki ikamadukaduka, monga imachitira kuno ku Nsanje ndi Chikwawa, chitseko chimaoneka ngati chachedwa pamene chinatseguka kale. Yesaninso usiku intaneti ikakhazikika musanasinthe china chilichonse.