Yaro mu Blantyre: kalasi, felosipu ndi za chikhalidwe, mungazigawire bwanji nthawi osawididwa

Sabata yoyamba pa kampasi aliyense amakufuna. Ukungotuluka mu holo muja wamva kale mawu kumbuyo, "achimwene, mumapemphera kuti?", usanayankhe nkomwe wina wakugwira kale dzanja akuti inu nkhope yanuyi ndi ya tena, mubwere ku kwaya Lachinayi. Ine chaka changa choyamba ndinalemba dzina ndi nambala ya foni pa mapepala sikisi tsiku limodzi, magulu awiri a mapemphero, kwaya, gulu la zisudzo, gulu la ana a boma lakwathu, ndi lina loti mpaka lero sindidziwa kuti linali la chani koma amagawa mandasi. Pofika mwezi wachiwiri foni imangolira mameseji a mitingi, asayimenti yoyamba ndinailemba usiku umodzi nditakhalira ndowa poti mpando mnzanga wa mchipinda anali atabwereketsa. Nde izi ndikulembera inu ma yaro, ophunzira a chaka choyamba ku yunivesite, amene mwasankhidwa kubwera mu Blantyre muno, kuti dzenje lomwe ndinagweramo ine mulilambalale.

Choyamba dziwani kaye pamene mwafika. Amene mukupita ku MUBAS, yunivesite ya za bizinesi ndi sayansi ija, dzinalo ndi latsopano, la 2021 pomwe University of Malawi inagawidwa, koma sukuluyo ndi yakale, inayamba 1965, ndipo kondakitala wa minibasi ngakhale agogo anu kumudzi mukawauza kuti MUBAS angokuyang'anani, nenani kuti Poly basi amva. KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, nayo ndi ya 2021 yomweyo, inabadwa ataphatikiza College of Medicine yomwe inatsegulidwa 1991 ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo moyo wa kumeneko umazungulira pa chipatala cha Queens. Olo Chanco imene anthu amaidziwa ngati ya ku Zomba ija inayambira pa Chichiri pompa isanasamuke mu 1973, iyi muisunge, idzakuthandizani anzanu a ku Zomba akadzayamba matama pa holide.

Pogona ndiye pamayambira zonse. Malo a pa kampasi sakwanira aliyense, ambiri mudzapezeka ku Chitawira, Naperi, Nkolokosa, Zingwangwa, ena mpaka Ndirande. Posankha nyumba musamangoona lendi yokha. Funsani kuti geti amatseka nthawi yanji, chifukwa laibulale ndi felosipu zonse zimatha mdima utagwa, nde landilodi wina amakhoma 8 koloko agalu nkumasula. Funsani kuti mayunitsi a magetsi mumagawana bwanji, madzi akasiya mumatunga kuti, ndipo muyende wapansi kuchoka pa nyumbapo mpaka pa kampasi muwerenge mphindi zake nokha, musamve za "ndi pafupi pompa" zija. Ngati tsiku lililonse pakufunika kabaza, nyumbayo ndi yodula olo lendi ikhale yotsika.

Tsopano za kalasi, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi zomwe munabwerera. Ku sekondale munali dolo, mwina munakhoza ndi mapoyinti 9 dzina nkumveka pa wayilesi, koma mkalasi mwanu muno aliyense anali dolo kwawo. Lekichala sakulemberani manotsi pa bolodi kuti mukopere, amabwera, amayatsa pulojekita, amayankhula ola limodzi kapena awiri, wapita, ndipo mukajomba palibe amene akutumizireni mwana kudzakuitanani. Chinthu choyamba chomwe amapereka pa kosi iliyonse ndi kapepala kofotokoza mitu yonse, mabuku, ndi mmene malikisi agawidwire pakati pa matesti, ma asayimenti ndi mayeso a kumapeto. Anthu ambiri kapepala kameneka amakulungira chipisi. Inu kawerengeni, mulembe madeti onse pa tsamba limodzi mumate pa khoma pafupi ndi bedi. Malikisi a mkati mwa semesita ndi amene amapulumutsa munthu, ukalowa mayeso omaliza uli nawo okwanira umalemba mtima uli mmalo, koma ukawataya umalowa ngati munthu wa ngongole, ndipo mapeto ake ndi sapu, mayeso obwereza aja, kubwereza kosi, kapena kuwididwa kumene, ndiye kuti kuchotsedwa sukulu.

Pezani gulu lowerengera limodzi la anthu folo kapena faifi, osapitirira apo, likakula limasanduka bwalo la nkhani za mpira ndi zibwenzi. Musasankhe anzanu okhaokha ogwirizana nawo nthabwala, muikemo mmodzi wovuta uja amene amafunsa "chifukwa chani" pa chilichonse, amatopetsa koma ndi amene amakukhozetsani. Ma conti, amene anakutsogolerani pa sukulupo, muwalemekeze, ali ndi mapepala a mayeso akale ndipo amadziwa kuti lekichala uyu amakonda kufunsa motani, koma musatengere zonse, conti wina amakuuza kuti kosi iyi ndi yophweka osawerenga pomwe iyeyo akuibwereza kachiwiri. Nambala ya kalasi repu muisunge, gulu la WhatsApp la kalasi musaliike pa chete. Ndipo asayimenti yokopera kwa mnzanu kapena yongotola pa intaneti, malekichala anaziona zambiri kuposa inu, anthu atatu mukalakwitsa sipelo imodzi pamalo amodzi mwadzigwiritsa nokha.

Nde tibwere ku za Mulungu. Magulu alipo ambiri, SCOM yomwe ambiri mwaidziwira ku sekondale ndipo imatenga a mipingo yosiyanasiyana, CCAPSO ya a CCAP, Akatolika ali ndi awo, a Seventh Day ali ndi awo, Asilamu ali ndi bungwe lawo, kuphatikizapo timagulu ta mipingo ya Pentekosite tambirimbiri. Ine sindingakuuzeni kuti lowani ili, zimenezo ndi za inu ndi chikhulupiriro chanu. Chomwe ndinganene nchoti sankhani limodzi. Yendani masabata atatu oyamba muone, mufunse kuti amakumana kangati pa sabata, mitingi imatha nthawi yanji, nanga nthawi ya mayeso amachepetsa mapulogalamu kapena ayi. Gulu labwino mudzalidziwira apa, atsogoleri ake amakufunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji, ndipo muli ma conti a kosi yako amene amakhala nawe pansi kukuthandiza masamu pakatha mapemphero.

Anthu amachenjeza yaro za mowa, ndipo nzoona mowa wagwetsa ambiri, koma palibe amene amakuchenjeza kuti felosipu nayo itha kukudyera semesita yonse iwe uli wosangalala kuti ukuchita zabwino. Ine zinandichitikira. Semesita yoyamba yomweyo anandipatsa udindo wonyamula zida, sipika, kiyibodi, mawaya, ndiye kuti woyamba kufika womaliza kuchoka. Lachisanu lina kunali mapemphero a usiku wonse, Lolemba lake tinali ndi testi, ndinadziuza kuti ndiwerenga Loweruka. Loweruka ndinagona mpaka 2 koloko masana, madzulo kwaya, Lamulungu tchalitchi kenako kubweza sipika komwe tinabwereka, Lolemba ndinakhala mkalasi muja kuyang'ana pepala ngati lalembedwa mChitchaina, nyimbo ya Lachisanu ija ikungolira mmutu. Zotsatira zitabwera ndinapita kwa mkulu wina wa gulu lathu, mtsikana wa chaka chomaliza, ndimayembekeza kuti andipempherera, iye anangoti "mphwanga, amayi ako anagulitsa chimanga kuti udzanyamule sipika?" Tsiku lomwelo anandichotsa pa udindo, ndipo anachita bwino. Nde inu udindo uliwonse chaka choyamba, makamaka semesita yoyamba, kanani mwaulemu, nenani kuti ndiloleni ndione kaye mmene sukulu ikuyendera. Sakuthamangitsani.

Chenjerani ndi aja amabwera ndi ulosi wa pa mayeso, akuti bzalani mbewu kuti mukhoze, mbewu yake ikuchoka pa ndalama yanu yodyera. Chopereka perekani monga mtima wanu wafunira komanso monga thumba likulolera, koma munthu akakuuzani kuti simukufunika kuwerenga chifukwa wakuonerani kale giredi, mufunseni kuti iyeyo pepala lake lili kuti.

Palinso nkhani ya masiku. A Sabata, ngati mwaona kuti testi kapena kalasi yobwezera yaikidwa Loweruka, musadikire Lachisanu madzulo, pitani kwa kalasi repu tsiku lomwe deti yalengezedwa, mupite limodzi kwa lekichala, ndipo mukakhala angapo zimamveka msanga kusiyana ndi munthu mmodzi. Asilamu chimodzimodzi ndi swala ya Ijuma masana a Lachisanu, onani timetebulo sabata yoyamba, ndipo Ramadan ikagwa mkati mwa semesita sinthani nthawi yowerenga, ambiri amaona kuti mbandakucha akangodya daku mutu umagwira bwino kusiyana ndi masana. Mnzanu wa mchipinda atha kukhala wa chipembedzo china, kambiranani poyamba pomwe, za mapoto kuti uwu sitiphikiramo nkhumba, za alamu ya 4 koloko, za nyimbo mokweza. Ine chaka chachiwiri ndinkakhala chipinda chimodzi ndi mnyamata wa ku Mangochi, iye amandidzutsa akamapita kokaswali mmawa ine nkuyamba kuwerenga, ndipo ndi chaka chimene ndinakhoza bwino kuposa zonse, komanso pa Eid ndinadya mpunga wa nyama mpaka kumasula lamba.

Lamulungu lina tulukaniko pa kampasi mukapemphere ndi anthu wamba, kuti musaiwale kuti dziko si ana a sukulu okhaokha. Olo musakhale a CCAP, kafikeni pa St Michael and All Angels ku Blantyre Mission mukangoona, tchalitchi chija chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, mbusa woti za zomangamanga sanapite nazo ku sukulu, njerwa zake zinaumbidwa ndi kuotchedwa konkuno ndi anthu akuno. Inu a injiniyaringi ndi a zojambula mapulani, kayang'aneni njerwa zija bwinobwino kenako mubwerere mukaone khoma la nyumba yomwe mukuchita lendi.

Za chikhalidwe ndiye zimabwera zokha, kampasi ndi Malawi yense mu mpanda umodzi. Mudzamva Chitumbuka pa mzere wa chakudya, Chiyao mu kolido, Chisena, Chilomwe, Chitonga, Chikyangonde. Gulu la ana akwanu ndi lofunika, pakagwa maliro kumudzi ndi amene amasonkha ya thiransipoti nkukuperekezani ku Wenela, nde musalinyoze. Koma musamangirire pamenepo, zaka folo kapena faifi kumangoyenda ndi anthu a boma lanu lokha ndi kuluza. Phunzirani moni wa anzanu, "muli uli", "ali uli", adzakusekani katchulidwe koma adzakukondani. Pakakhala tsiku la zachikhalidwe vinani, olo beni, olo malipenga, olo tchopa, palibe amene adzakulembeni malikisi. Museum ya pa Chichiri ili pafupi zedi koma pali anthu amamaliza digiri osapondamo, Mandala House ya 1882 ija ilinso pompa mtauni. Mu Okutobala anzanu a Chilomwe akamapita ku Mulhako kwa Chonde ku Mulanje, ngati kulibe testi, kwerani nawo. Ndipo tsiku lomwe Maule ndi Manoma akukumana pa Kamuzu Stadium musadzinamize kuti muwerenga masana, phokoso lake limafika mpaka mu buku, werengani mmawa.

Sosho wikendi pitani, sindine mdani wa chisangalalo, koma ndalama ya lendi ndi ya chakudya isiyeni kunyumba kapena pa Mpamba kaya Airtel Money yoti simuigwira, tulukani ndi yokhayo mwakonzeka kuti ithe. Pitani ndi anzanu mubwerenso ndi anzanu omwewo, chakumwa chanu musachisiye pa tebulo nkupita kovina, izi ndikunena kwa atsikana ndi anyamata omwe. Amene mukudalira ngongole ya ku Loans Board, musayambe kudya ndalama isanalowe, ngongole za pa chiwaya ndi kwa amayi a pa chiimilire zimakula mwakachetechete.

Kachizolowezi kamodzi kamene kanandikonza nditagwa paja ndi aka. Lamulungu lililonse madzulo, nsima itapsa, ndimatenga pepala la madeti lija ndi foni, nkulemba za sabata yonse, makalasi poyamba, kenako maola owerenga, kenako felosipu kamodzi pakati pa sabata ndi tchalitchi, zotsalazo ndi zimene ndimagawira zisudzo ndi mpira. Meseji ya miting'i ikabwera Lachitatu yoti mwadzidzidzi tikumane, ndimayang'ana pepala, ngati palibe malo ndimayankha kuti pepani sindikwanitsa, osafotokoza zambiri. Ndikamaliza ndimaimbira amayi kumudzi, iwo funso lawo linali lomwelomwelo sabata iliyonse, kutchalitchi unapita, nanga ukudya, ndipo ya sukulu amafunsa pomaliza mayunitsi atatsala pang'ono kutha.