Kupalasa Bwato M'chigwembe cha Batoka: Zoyenera Kudziwa Musanalowe M'madzi

Kumunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls), mtsinje wa Zambezi umapanikizika pakati pa matanthwe akuda a chigwembe cha Batoka, ndipo aliyense wofuna kupalasa bwato kumeneko ayambe wafunsa za kuchuluka kwa madzi. Mvula yogwa ku Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia imachedwa m'madambo a Barotse, motero mtsinjewu umasefukira kwambiri cha mu Epulo, ku Livingstone, tauni ya pafupi ndi mathithiwa, mvula ili kale pafupi kusiya, ndipo nthawi imeneyi maulendo amaimitsidwa. Kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Disembala madzi amatsika, ulendo n'kumayambira pa Boiling Pot, dziwe la kumunsi kwa mathithi, pafupi ndi mlatho umene unamalizidwa mu 1905. Madzi akakwera, mabwato amakawayambitsira kumunsi, kusiya zigawo zoyambirira. Mawu akuti madzi otsika asakunyengeni, pakuti miyala ikayandikira pamwamba m'pamene mafunde amalusa.

Zigawo za madzi olusa zili ndi manambala, ndipo kuopsa kwake kumayezedwa ndi magiredi 1 mpaka 6, ndipo 6 ndiye woopsa koposa. Gawo 5 ndi gawo 7 ndi za giredi 5. Pa gawo 9, lotchedwa Commercial Suicide, alendo amatsika n'kulambalala wapansi, kudutsa pamiyala. Wotsogolera akati mutsike, tsikani osakambirana, chifukwa iyeyo mtsinjewu amauona tsiku ndi tsiku.

Valani chisoti ndi jekete yoyandamitsa yomangidwa molimba, moti wina akaikoka pamapewa isafike m'makutu, komanso nsapato zosavuka. Makampani ambiri salola ana osakwana zaka 15. Ngati muli ndi mphumu, matenda a mtima kapena khunyu, nenani musanayambe, ndipo mowa muusiyire madzulo. Dzanja limodzi lisachoke pamutu pa nkhafi, poti ndi umene umagulula anzanu mano bwato likagwedezeka.

Chimene ndikufuna muchisunge koposa ndi chochita mukagwera m'madzi. Musayese kuimirira, ngakhale mutamva pansi, chifukwa phazi likakodwa pakati pa miyala madzi amakugwetsani chafufumimba n'kukupanikizani pansi, ndipo ngakhale wodziwa kusambira sangadzipulumutse. Gonani chagada, mapazi atsogole kumene madzi akulowera, zala za kumapazi zioneke pamwamba, ndipo muzikoka mpweya funde likangodutsa. Mukapezeka kunsi kwa bwato, likankheni ndi manja molunjika mbali imodzi mpaka mutulukire. Akakuponyerani chingwe, chigwireni pachifuwa koma musachikulunge padzanja, ndipo wopulumutsa wa pa kayak, kabwato ka munthu mmodzi, akabwera kudzakutengani, gwirani pamene wakuuzani. Pamalo pamene madzi adikha musasambire musanaloledwe, pakuti ng'ona zilimo.

Sunganinso mphamvu zotulukira. Njira yokwera m'chigwembe ndi yotsetsereka, yotalika mamita oposa 100, ndipo mu Okutobala matanthwe amatentha ngati ng'anjo, choncho imwani madzi okwanira musanayambe kukwera ndipo muzipuma m'njira.