Mukamagula ziboliboli kunyanja, tengani kansalu koyera

Amene mukupita ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay patchuthi, musamangokhulupirira kuti chiboliboli chilichonse chakuda bii ndi cha mtengo wa phingo. Ena amasema mtengo wamba n'kuupaka polishi wa nsapato. Nyowetsani kansalu koyera, mupukute pansi pake, kakada, mwadziwa. Phingo weniweni amalemeranso ngati mwala, ukamunyamula dzanja limakuuza lokha.

Chitembenuzeninso muone ngati chili ndi timabowo totuluka ufa. Chimenecho chafumbwa, ndipo tizilomboto tikalowa m'nyumba tiyamba mipando yanu. Ine ndinataya bawo lokongola chifukwa cha zomwezi, mpaka lero zimandiwawa.

Pa za ndalama, mtengo woyamba kutchulidwa ndi wa azungu, nenererani ndithu, koma mwaulemu, poti munthuyo wasema masiku ambiri. Ngati kunenerera kumakutopetsani, pitani ku Mua Mission kapena ku Dedza Pottery. Makapu ndi mbale zadothi muzikulunge ndi zitenje, zikhale pamiyendo m'galimoto.

Za minyanga ya njovu musayerekeze n'komwe, ndi mlandu wa ndende. Timabokosi ta mkungudza wa ku Mulanje tisiyeninso, mtengowo watsala pang'ono kutheratu paphiripo.